Timibulu ta Golide Toyezera Matenda

Timibulu ta golide ndi tizidutswa ta golide tating'onoting'ono kwambiri tosaoneka ndi maso, tosapitirira mananomita 100. Tikakhala m'madzi, madziwo amafiira, osati kuoneka achikasu, chifukwa timayamwa kuwala kobiriwira. Michael Faraday anafotokoza za madzi ofiirawa mu 1857 ku London. Mu 1951 John Turkevich ndi anzake anafalitsa njira yopangira timibuluti potenthetsa mchere wa golide pamodzi ndi citrate, ndipo njirayi ikugwirabe ntchito.

Phindu la timibuluti lagona pa ma antibody, mapuloteni amene thupi limapanga kuti azigwira tizilombo toyambitsa matenda. Ma antibody amamatirira okha pa golide, koma asidi wa m'madzimo akhale pa mlingo woyenera. Ntchito yovuta ili pomwepa: ma antibody akachepa, mchere wa m'madzimo umaundanitsa timibuluto, madzi n'kusanduka abuluu. Malo otsala pa golideyo amatsekedwa ndi puloteni ya m'magazi a ng'ombe. Faulk ndi Taylor anayamba kumata ma antibody pa golide mu 1971 pofufuza tizilombo ta Salmonella.

Zipangizo zambiri zoyezera malungo mwachangu m'zipatala za ku Malawi zimadalira timibuluti. Dontho la magazi likamayenda m'kapepala ka nitrocellulose, puloteni ya HRP2 yochokera ku kachilombo ka malungo ka Plasmodium falciparum imagwidwa, golide amaunjikana, mzere wofiirira n'kuonekera.