Mbiri ya umbeta ku Chisenga: amuna atapita ku migodi

Umbeta ku Chisenga, m'munsi mwa mapiri a Mafinga m'boma la Chitipa, unakula pamodzi ndi msonkho. Atsamunda atayamba kukhometsa msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890, anyamata anakakamizika kukasaka ndalama kunja. Kuno kumpoto ukwati umalira malowolo, kawirikawiri ng'ombe, choncho mnyamata wosauka sakanafunsira asanagwireko ntchito kutali.

M'zaka za m'ma 1930 ambiri a m'boma lino, lomwe likulu lake la lero panthawiyo linkatchedwa Fort Hill, ankayenda wapansi kupita ku migodi ya golide ya Lupa ku Tanganyika, ena ku migodi ya mkuwa ku Northern Rhodesia. Komiti yomwe boma la atsamunda linakhazikitsa mu 1935 inapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 a m'Nyasaland anali kunja. Amene sanabwerere ankatchedwa machona.

Mtolo wolemera unagwera atsikana. Wotomeredwa ankadikira zaka, akusunga kalata imodzi m'chikwama, mpaka kumva mphekesera kuti bwenzi lake linakwatira ku Kitwe. Wolowoledwa kale ankatsala pamudzi wa apongozi, kulima yekha mawere ndi nyemba, wosadziwa ngati ndi wapabanja kapena wamasiye. Chomvetsa chisoni n'chakuti anthu ankaloza chala mkaziyo, amvekere ali ndi tsoka kapena ngosankha, pomwe amuna a msinkhu wake kunalibe.

Kenaka Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi, inkanyamula amuna pandege kupita ku Joni. Ndege itagwa ku Francistown mu 1974 ndi kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu Banda analetsa maulendowo, ndipo anthu zikwizikwi anabwerera. Wenela, itasintha dzina kukhala TEBA, inayambiranso mu 1977, koma inalekeza mu 1988 pa mkangano woyeza HIV.

Nthawi yonseyi amayi ankapepukitsana mitima pamtondo, kudambo ndi ku Umanyano, gulu la amayi la sinodi ya Livingstonia. Kumeneko mbeta inkapeza woiuza kuti ipirire, mwinanso mayi wofuna kuti mlongo wake aikwatire.

Lero anyamata akupitabe ku Johannesburg, Tunduma ndi Nakonde, ndipo mtsikana amene wapitiriza sukulu amauzidwa kuti akuchedwa. Kusiyana kwake n'kwakuti madandaulo asamukira pa WhatsApp ndi Facebook, pomwe mkazi amatha kubisa dzina n'kufotokoza kusungulumwa kumene sanganene pamaso pa azakhali ake. Komabe lamya ndi bandulo zimafuna ndalama, motero amayi ambiri akumudzi amakambabe nkhanizi akakumana kubanki mkhonde, zoponya zikatha.