Matabwa amene tinkasonkhera moto

Anzathu, pamene mukukondwerera zaka 10 za kopaletivi yathu, kumbukirani kumene tachokera pa ntchito yocheka matabwa. Boma linayamba kuteteza nkhalango ya phiri la Zomba mu 1913, ndipo pambuyo pake munadzalidwa paini wambiri. Akuluakulunu mukukumbukira kachekedwe kakale: wina pamwamba pa chipika, wina m'dzenje, utuchi uli thoo m'maso, kenako n'kusenza matabwa mpaka kutauni.

Makina onyamulika atafika, ntchito inapepuka, koma vuto linatsala. Zotsala za m'mbali mwa chipika, zija ku Mzuzu amati zigwagwa, zinkangothera pamoto. Chida chozichekanso chinali chokwera mtengo. Ndiye mamembala anzanu, mothandizana ndi mmisiri wowotcherera zitsulo, anapanga chawochawo: tebulo lachitsulo, lamba woyenda ndi mota, ndi timawilo topanikiza. Sowo imakhala pamodzimodzi, chotsalacho n'chimene chimayenda, n'kutulukamo timatabwa ta ming'oma ya njuchi ndi mabokosi a tomato.

Lero paini wachepa kuphiriku chifukwa cha moto wolusa ndi kudula mwachisawawa. Chipika chilichonse muzichicheka mpaka chithe, ndipo mukadula umodzi, dzalani wina.