Wotsogola ndi woperekeza: mbiri ya magitala awiri

Mu 1928, mumzinda wa New York, kampani ya OKeh inalowetsa oimba magitala awiri m'chipinda chimodzi chojambulira nyimbo. Wina anali Lonnie Johnson, wakuda wa ku New Orleans. Mnzakeyo anali Eddie Lang, mzungu wa makolo a ku Italy. Tsankho la nthawiyo silinkafuna kuona maina awiriwa pa chimbale chimodzi, motero Lang anamubisa m'dzina loti Blind Willie Dunn. Koma nsambo sizinabise kanthu. Lang, amene anali kale katswiri wa jazi, anavomera kukhala pansi: nthawi zambiri ankagunda nsambo zazikulu, kuyala njira, Johnson n'kumathamanga pamwamba ndi tinsambo tating'ono. Lang anamwalira mu 1933, ndipo Johnson mpaka ukalamba wake ankamutchula mwaulemu waukulu, nanena kuti zimbale zimenezo ankazinyadira koposa.

Oimba magitala ena awiri, Carl Kress ndi Dick McDonough, anatsatira m'zaka za m'ma 1930, koma ine mtima wanga uli kwathu kuno.

Nkhondo yachiwiri itatha mu 1945, asilikali ndi amatchona anabwerera ndi magitala ndi mabanjo. Ku Nyasaland kunabuka oimba awiriawiri, monga abale a kwa Paseli, eni nyimbo ya Napolo. Ku Lusaka kunali a Alick Nkhata, amene anapita kunkhondo ku Burma, nagwirako ntchito ndi Hugh Tracey yojambula nyimbo za m'midzi, kenaka n'kukhala muulutsi pa wayilesi ya Central African Broadcasting Service. Pa zimbale zina dzina lawo lili pamodzi ndi la a Shadreck Soko. Kuyambira mu 1949 kawayilesi kotchipa kotchedwa Saucepan Special, kooneka ngati poto, kanafikitsa maimbidwe amenewa m'makomboni ndi m'midzi. Zimandipweteka kuti a Nkhata, amene anaphedwa mu 1978 asilikali a Rhodesia ataukira dera la Mkushi, timawakumbukira, pamene a Soko owatchula ndi ochepa. Woperekeza amaiwalika msanga, chikhalirecho nyimbo imaima pa iye.

Ku America mwambowu unadzukanso mu 1973, pamene Herb Ellis ndi Joe Pass anatulutsa chimbale choyamba cha kampani ya Concord Jazz. Chaka chotsatira anaimba awiriwiri, popanda ng'oma kapena besi, pa chimbale cha Two for the Road. Apa zinthu zinali zitasintha: panalibenso wa pansi wokhazikika. Wina akamaliza gawo lake ankatsika, n'kunyamula mnzake. Mu 1999 Pat Metheny, amene kuyambira unyamata ankasirira Jim Hall, anatulutsa naye chimbale, mkulu ndi mwana kusinthana malo mopanda kulimbirana.

Mvetserani bwino zimbale zimenezi. Woperekeza amafewetsa dzanja mnzake akayamba kukwera, amasiya mpata, nthawi zina amangokhudza nsambo ziwiri basi. Zimenezi munthu sangachitire amene sakumukhulupirira.

Ku Chazanga, kumpoto kwa Lusaka, monganso ku Matero ndi ku Chawama, gitala akadalipo, makamaka m'matchalitchi. Chimene chikusowa ndi gitala wachiwiri uja. Ntchito yake inalandidwa ndi kiyibodi, imene imadziimbira yokha ng'oma ndi besi, ndipo mnyamata akalakwitsa siimudikira, siimubwezanso panjira. A Johnson ndi a Lang akanaiona, ndikhulupirira akanapempha kuti izimitsidwe, wina akoke mpando.