Kodi Anayambitsa Parishi ya Nzama Ndani?

Ndili mwana, agogo anga aakazi ankakonda kutiuza kuti ife a ku Ntcheu tisamadziderere pa nkhani ya Chikatolika, chifukwa mpingo unakhazikika kaye kwathu ku Nzama usanafike ku Blantyre, ku Zomba kapena ku Lilongwe. Ine ndinkangoti ndi matama a achikulire. Chaka chatha, atatipatsa ntchito ya m'kalasi yolemba mbiri ya dera lakwathu, ndinapeza kuti agogo sankanama. Koma ndinapezanso kuti mbiri imene timaiwerenga m'mabuku ndi yoperewera.

Mabuku amati pa 25 July 1901 ansembe atatu a chipani cha Montfort anafika ku Nzama. Mtsogoleri wao anali Bambo Pierre Bourget wa ku France, ndipo anali ndi Bambo Auguste Prézeau, nayenso wa ku France, komanso Bambo Anton Winnen wa ku Holland. Anawaitana ndi Episkopi Joseph Dupont wa chipani cha White Fathers, yemwe Abemba a ku Zambia ankamutcha Moto Moto. Dera limene ankayang'anira linali lalikulu kwambiri pomwe ansembe ake anali ochepa, choncho ali ku France anapempha a Montfort kuti adzagwire ntchito ku chigawo cha mtsinje wa Shire. Mukafunsa kuti bambo mfumu woyamba wa Nzama anali ndani, yankho ndi Bourget, ndipo palibe angatsutse.

Komabe atatuwa sanali ansembe oyamba kufika m'dziko muno. Mu December 1889, a White Fathers anafika kwa mfumu Mponda ku Mangochi motsogozedwa ndi Bambo Adolphe Lechaptois. Anatsegula sukulu, ankapereka mankhwala kwa odwala, ndipo analembanso zambiri za moyo wa pamudzipo. Koma anabwera mothandizidwa ndi boma la Portugal pa nthawi imene Angerezi ankalanda dera lomwelo, ndipo mfumuyo inali yotsamira ku Chisilamu komanso yotanganidwa ndi nkhondo ndi malonda a akapolo. Mu 1891 ansembe aja anasamuka n'kupita ku Mambwe, kumpoto kwa Zambia. Sanasiye parishi.

Ndiye kusiyana kunali pati? Ansembe a kwa Mponda sanali aulesi, ndipo sindikhulupirira kuti a ku Nzama ankapemphera kuposa anzawowo. Kusiyana kunali kwa eni mudzi. Ku Nzama, mfumu ya Angoni Njobvuyalema inawalandira n'kuwapatsa malo omangapo. Tikumbukire kuti panali patangotha zaka 5 chiphedwere Inkosi Gomani ndi asilikali a Angerezi mu 1896. Angoni anali ndi chifukwa chokwanira chokaikira mzungu aliyense. Chinanso, mamishoni a mipingo ina anali atafika kale m'boma lomweli, monga ku Gowa ndi ku Ntonda. Ine ndimaona kuti mfumuyo sinangochita zachifundo. Inaona kuti dziko lasintha, mkondo sugwiranso ntchito, ndipo mudzi wokhala ndi sukulu yakeyake komanso azungu ake olankhula ndi boma uli ndi pogwira. Inasankha mwanzeru. Popanda chisankho chimenecho, Bourget akanakhala ngati Lechaptois, dzina la m'buku la ulendo wolephereka.

Kuchokera ku Nzama ntchito inafalikira msanga. Mu 1903 a Montfort anatsegula mishoni ya Nguludi ku Chiradzulu, ndipo chaka chomwecho Roma inapatula dera la Shire kuti likhale loima palokha, n'kuika Prézeau kukhala mtsogoleri wake. Iye anakhala episkopi mu 1908 koma anamwalira mu 1909, ndipo Louis Auneau analowa m'malo mwake. Mmalawi woyamba kudzozedwa unsembe, Cornelius Chitsulo, anadzozedwa mu 1937, ndipo mu 1957 anakhala episkopi wa ku Dedza, dayosizi imene Nzama ilimo mpaka lero.

Werengani bwino zakazo. Kuchokera 1901 kufika 1937 ndi zaka 36 popanda wansembe wachikuda ngakhale mmodzi. Ansembe ochepa achizungu, ophunzira Chinyanja ali akuluakulu kale, sakanatha kufika mudzi uliwonse Lamulungu lililonse. Amene ankaphunzitsa katekisimu ndi a e i o u m'masukulu a m'midzi, kutsogolera mapemphero, kukonzekeretsa akatekumeni ndi kuika maliro anali makatekisiti akuda. Amene anaumba njerwa, kudula mitengo ndi kusenza katundu wa mishoni anali anthu a m'midzi yomweyo. Maina a ansembe atatu aja ndinawapeza pa intaneti m'mphindi zochepa. Maina a makatekisiti oyamba a m'mudzi mwathu ankawadziwa ndi agogo, ndipo agogo anatisiya ndisanawafunse. Zimenezi zimandiwawa kuposa magiredi amene ndinapeza pa ntchito ija.

Sindikuchepetsa Bambo Bourget. Kusiya kwanu n'kudzakhala kumapiri achilendo, kumene malungo ankapha amishonale ambiri, si masewera. Chimene ndikukana ndi chizolowezi chathu cholemba mbiri ya parishi ngati mndandanda wa abambo mfumu, ngati kuti ena onse anali ongoonerera. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la Nzama silinasenzedwe ndi mitu itatu yokha.

Inu amene mukupita kumudzi pa holide ikubwerayi, foni muli nayo. Pezani munthu wamkulu kwambiri mu mphakati wakwanu, mumufunse kuti anamuphunzitsa kalasi ya ubatizo ndani, ndipo mphunzitsiyo anaphunzitsidwa ndi ndani. Jambulani mawu ake, mulembe maina. Ine ndiyamba ndi mchimwene wa agogo, yemwe maso anasiya kuona koma mutu ukugwirabe ntchito.