"Mtima wandiuza": mbiri ya nzeru zauzimu

Sabata ino tikambirane mawu awiri amene tonse timawanena: "Mtima wandiuza." Mayi amasiya minibasi yoti ili ndi malo, ati mtima wakana. Wogulitsa amakaniza ngongole munthu wovala bwino, koma mukamufunsa chifukwa amangoti basi. Ena amati walankhula ndi Mulungu, ena amati ndi makolo, ena amati ndi mantha chabe. Anthu ophunzira kunjaku nawonso akhala akukangana za zimenezi, mpaka anazipatsa dzina loti nzeru zauzimu. Dzinali linatchuka cha m'ma 1997, koma mkangano wake ndi wakalekale. Tiuyende kuchokera kutali, chifukwa pa mawu awiri amenewa anthu apulumukapo, ndipo ena atayapo mpamba, banja, ngakhale moyo.

Tiyambire ku Baghdad m'chaka cha 1095. Kumeneko kunali shehe wamkulu dzina lake Al-Ghazali, amene ankaphunzitsa pa sukulu yotchuka ya Nizamiyya. Ophunzira ake ankakwana 300, ndipo pa malamulo a Chisilamu ndi pa mitsutso anali katswiri woopedwa. Koma chaka chimenecho lilime lake linangouma. Akaima kuti aphunzitse, mawu osatuluka, ndipo chakudya nachonso chinayamba kumukana. Madokotala anati vuto lili mumtima. Bamboyu anasiya ntchito, n'kugawa chuma chake, ulendo wa ku Damascus, Jerusalem ndi Mecca. Panatha zaka zoposa 10 asanabwerere kukaphunzitsa pa sukulu yaikulu.

Chimene anabwera nacho n'chakuti kudziwa kuli pawiri. Pali kudziwa kwa m'mabuku, ndiye pali kwina kumene anakutchula ndi liwu la Chiarabu lakuti dhawq, kutanthauza kulawa. Mutha kumufotokozera munthu za bwemba tsiku lonse, koma amene walawa ndiye amadziwa zimene zimachitika m'masayamu. Komabe shehe yemweyu anadzudzula kwambiri anthu amene ankati poti mitima yawo yaunikiridwa, malamulo a chipembedzo sakuwakhudzanso. Kwa iye kulawako kunkabwera pambuyo pa zaka zambiri za kudziletsa, kupemphera ndi kuwongoleredwa ndi mphunzitsi.

Patapita zaka zoposa 400, mu 1521, msilikali wa ku Spain dzina lake Ignatius wa ku Loyola anathyoledwa mwendo ndi chipolopolo cha mzinga pa nkhondo ya ku Pamplona. Ali chigonere miyezi ingapo, ankalingalira zinthu ziwiri mosinthanasinthana: ulemerero wa msilikali wosiririka kwa akazi, ndi moyo wa oyera mtima umene ankauwerenga m'mabuku a m'nyumbamo. Zonse ziwiri zinkamukomera pa nthawi yoganizayo. Kusiyana kunkabwera pambuyo pake. Maganizo oyambawo ankamusiya wouma ndi wosakhutira, pamene enawo ankamusiyira mtendere wokhalitsa.

Chaka chotsatira ali ku Manresa, ankaona chinthu chonyezimira chooneka ngati njoka ya maso ambiri, ndipo chinkamusangalatsa kwabasi. Patapita nthawi anagamula yekha kuti masomphenyawo sanali ochokera kwa Mulungu, moti chikabweranso ankachipirikitsa ndi ndodo. Taganizani, munthu kukana masomphenya akeake! Pa zimenezi anamangapo malangizo a kuzindikira mizimu, amene ali m'buku lake la Spiritual Exercises, lovomerezedwa ndi Papa Paul III mu 1548. Mwa malangizowo muli akuti munthu asasinthe chimene anatsimikiza kale pamene mtima wake uli mumdima, kuti ganizo uliyang'ane poyambira pake, pakati pake ndi pothera pake, komanso kuti ganizo limene likukuuza kuti ulibise kwa mlangizi wako ndi loyenera kulikayikira.

Akuluakulu awiriwa, wina Msilamu wina Mkhristu, sanakanepo kuti mtima umalankhula. Ntchito yawo yaikulu inali kuphunzitsa anthu kuyesa chimene walankhulacho.

Kenako dziko linatembenukira ku manambala. Mu 1905, ku France, Alfred Binet ndi Théodore Simon anakonza mayeso ofuna kupeza ana a sukulu ofunika thandizo lapadera. Mu 1912 William Stern wa ku Germany anabweretsa kawerengedwe kamene lero timati IQ. Kwa zaka zambiri, wanzeru anali amene wakhoza mafunso a papepala. Mu 1983 Howard Gardner wa ku yunivesite ya Harvard anatsutsa zimenezi m'buku lake la Frames of Mind. Iye anati nzeru zili mitundu 7: za mawu, za masamu, za nyimbo, za malo ndi maonekedwe a zinthu, za kugwiritsa ntchito thupi, zomvetsa anthu ena, ndi zodzimvetsa wekha. Mu 1995 Daniel Goleman anatchukitsa nzeru zolamulira mtima ndi kukhala bwino ndi anthu.

Chitseko chitatseguka choncho, Danah Zohar analowa ndi dzina la nzeru zauzimu mu 1997, ndipo mu 2000 anatulutsa buku lathunthu pamodzi ndi mwamuna wake Ian Marshall. Iwo ankati izi ndi nzeru zimene munthu amafunsira tanthauzo la moyo wake, ndi kudziwa chimene chili chofunika kuposa chinzake, kaya amapemphera kaya ayi. Chaka chomwecho Robert Emmons wa ku California anati munthu wa nzeru zauzimu amatha kuona zopatulika m'zinthu za tsiku ndi tsiku, ndiponso amagwiritsa ntchito chikhulupiriro chake pothetsa mavuto enieni. Gardner, mwini nkhani ya nzeru zosiyanasiyana, anakana. Vuto lake linali lakuti kumva bwino mumtima sikufanana ndi luso limene ena angalione n'kuliyesa. Woimba timamumva, wa masamu timamuchongera. Nanga wa nzeru zauzimu timudziwa bwanji, iye atangoti ndamva? Funso lomwe lija la Ignatius linabweranso, litavala jekete la ku yunivesite.

Ofufuza ena anafuna kudziwa ngati anthu okhulupirira Mulungu ali omwewo amene amadalira yankho loyamba lobwera m'mutu. Anagwiritsa ntchito mafunso atatu a Shane Frederick a mu 2005. Limodzi tiliike m'ndalama zathu. Mulu wa tomato ndi jumbo, zonse pamodzi ndi K1,100. Tomatoyo amaposa jumbo ndi K1,000. Jumbo ndi zingati? Ambiri mwayankha kale kuti K100, eti? Yankho lake ndi K50, chifukwa tomato ndi K1,050. Mu 2012 ofufuza atatu a ku Harvard, Amitai Shenhav, David Rand ndi Joshua Greene, anapeza kuti anthu opereka yankho lofulumiralo ndi amenenso kawirikawiri ankati amakhulupirira Mulungu. Nkhani inafala ngati kuti chikhulupiriro ndi ulesi wa kuganiza. Koma mu 2017 gulu la Miguel Farias la ku Coventry ndi Oxford linayesa anthu ena, kuphatikizapo oyenda ulendo wachipembedzo wapansi wopita ku Santiago de Compostela ku Spain, ndipo silinapeze mgwirizano woterowo. Iwo anati chikhulupiriro chimachokera kwambiri m'maleredwe ndi m'chikhalidwe cha kumene munthu wakulira. Ndiye amene amati opemphera saganiza, umboni wake sunalimbe. Chimene funso la tomato likutiphunzitsa tonse, wopemphera ndi wosapemphera yemwe, n'chakuti yankho lolakwika limabwera ndi mtendere wofanana ndi wa yankho lolondola.

Apa m'pamene nkhani ya ozimitsa moto imathandiza. M'zaka za m'ma 1980 Gary Klein wa ku America ankafunsa akuluakulu a ozimitsa moto mmene amapangira ziganizo pa nthawi ya ngozi. Mmodzi anamuuza za nyumba imene moto unkaoneka kuti uli kukhitchini. Anathira madzi, moto osamva. Mwadzidzidzi mkuluyo anakuwa kuti aliyense atuluke, iye osadziwa chifukwa chake. Atangotuluka, pansi pamene anaima panagumukira m'kati. Moto weniweni unali m'chipinda chapansi chimene sankadziwa kuti chilipo. Mkuluyo ankakhulupirira kuti ali ndi mphamvu yapadera yoonera zobisika. Klein atamufunsa mofatsa, zinadziwika kuti m'chipindamo munkatentha mopitirira moto wa kukhitchini, komanso munali zii, pamene moto wotentha chotero umalira. Makutu ndi khungu lake zinazindikira msanga zimene pakamwa pake panali pasanapeze mawu ake. Zaka zambiri za pantchito n'zimene zinakuwa.

Daniel Kahneman, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2002, anaona mbali inayo. Ali mnyamata m'gulu la asilikali a Israel m'zaka za m'ma 1950, ntchito yake inali kuonerera anyamata akuwolotsa chipika pa khoma, n'kulosera amene adzakhale mtsogoleri wabwino. Iye ndi anzake ankakhala otsimikiza ndithu. Zotsatira za ku sukulu ya usilikali zikabwera, zinkaonetsa kuti kulosera kwawo sikunkasiyana kwenikweni ndi kungolota. Chodabwitsa n'chakuti mawa lake ankatsimikizabe chimodzimodzi.

Mu 2009 Klein ndi Kahneman, anthu amene ankayembekezereka kukangana, analemba pamodzi zimene anagwirizana. Anati liwu la mumtima ndi lodalirika ngati zinthu ziwiri zilipo. Choyamba, nkhaniyo ikhale ya zinthu zimene zimachitika mobwerezabwereza m'njira yofanana. Chachiwiri, munthuyo akhale atazichita nthawi yaitali, ndipo akalakwitsa azidziwa msanga kuti walakwitsa. Anawonjezera kuti kutsimikiza kwa munthu si umboni woti akulondola.

Ife a pamsika izi timazidziwa ngakhale sitinazilembe m'buku. Mayi amene wagwira ndalama zaka 15 amadziwa K5,000 yachinyengo ndi zala zokha, maso ali kwina. Wa mpunga amanunkhiza kamodzi n'kudziwa kuti Kilombero uyu wasakanizidwa. Akaphonya, chilango chimabwera tsiku lomwelo powerenga ndalama madzulo, ndiye mtima wake unaphunzira mokwapulidwa. Koma mayi yemweyo, mtima wake sunaphunzirepo za bizinesi ya pa foni yolonjeza kuti ndalama ziswana kawiri pa mwezi, kapena za chotupa chimene chamera m'bere. Pamenepo mtima ukamati usaope, ukulankhula za kumudzi kumene sunafikeko. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Dziko lathu linalipirapo mtengo pa phunziro limeneli. Mu 1995, Edzi ili pachimake ndipo mankhwala otalikitsa moyo kulibe, anthu miyandamiyanda anakhamukira kufupi ndi Liwonde m'boma la Machinga, kwa a Billy Goodson Chisupe. Iwo ankati m'maloto anaonetsedwa mtengo wochiza matendawa. Sankalipiritsa, ndipo anthu ambiri anawakhulupirira chifukwa cha chimenecho. Mchape uja anthu anamwa, koma maliro sanaleke. Anayamba kuchepa pambuyo poti boma layamba kupereka ma ARV aulere mu 2004. Sitinganyoze amene anapitako, chifukwa panthawiyo kuchipatala kunalibe chowapatsa. Koma lero, munthu akauzidwa kuti ataye mankhwala chifukwa wina waona masomphenya, mbiri ilipo yomuchenjeza. Munthu atha kukhala woona mtima, wosafuna ndalama yako, n'kukhalabe wolakwitsa.

Tikaunjika zonsezi, kuyambira kwa Al-Ghazali mpaka kwa Kahneman, nzeru zauzimu zikuoneka kuti zagona pa kudziwa nthawi yomvera mtima ndi nthawi youfunsa mafunso. Ukakuwa kuti thawa, ndipo kuthawako sikukutayitsa kanthu, thawa, zifukwa uzifufuza uli panja. Koma ukati pereka mpamba wonse, siya mankhwala, kapena mnene mnzako kuti ndi mfiti, ugoneke kaye. Uufunse ngati nkhaniyi unaionapo kambirimbiri n'kuona mathero ake. Ukauze munthu wina wakhalidwe amene sapindulapo kanthu, ndipo ngati liwulo likukana kuti wina alimve, pamenepo pali nkhani. Safunsa anadya phula.

Nanga inu, ndi pa nkhani ziti pamene mtima wanu sunakunamizenipo, ndipo unaphunzira kuti zimenezo? Tiuzeni, tiphunzirepo.