Decadence

Decadence ndi mawu a Chingelezi otanthauza kulowa pansi kwa makhalidwe, makamaka pakati pa anthu amene akhuta chuma n'kuyamba kukonda zosangalatsa kuposa ntchito ndi ulemu. Mawuwa ali m'gulu la mayina, ndipo mfotokozi wake ndi *decadent*.

Chiyambi

Chingelezi chinabwereka mawuwa ku Chifalansa, *décadence*, m'zaka za m'ma 1500. Afalansa nawonso anawatenga ku Chilatini, *decadentia*, mawu opangidwa ndi *de*, kutanthauza pansi, ndi *cadere*, kutanthauza kugwa. Mawu akuti *decay*, amene amatanthauza kuwola, anachokeranso ku tsinde lomweli.

Katchulidwe

Mawuwa ali ndi maphatikizo atatu ndipo amamveka ngati "DE-ka-dens", kapena /ˈdɛkədəns/ m'zilembo za IPA. Phatikizo loyamba ndi limene limatchulidwa mwamphamvu, pomwe awiri enawo amatchulidwa mofewa. Chilembo *c* choyamba chimamveka ngati *k*, chachiwiri ngati *s*, ndipo *e* womaliza samveka. Pali katchulidwe kena kakuti "di-KEI-dens", koma sikamvekamveka masiku ano.

Kagwiritsidwe ntchito

Chimene chimasiyanitsa mawuwa ndi anzake ndi ganizo la kugwa. Chinthu sichingagwe ngati sichinali pamwamba, choncho wonena kuti *decadence* amakhala akunenanso kuti kale zinthu zinali bwino. N'chifukwa chake mawuwa amagwirizana kwambiri ndi ufumu, mtundu wa anthu, banja lolemera kapena luso. Kuipa mtima kwa munthu mmodzi amakutcha *depravity*, ndipo katangale ndi ziphuphu amazitcha *corruption*.

Chitsanzo ndi chiganizo chakuti *The empire sank into decadence*, kutanthauza kuti ufumuwo unamira m'makhalidwe otayirira. Alaliki ndi olemba nyuzipepala amakondanso kunena kuti *moral decadence* podandaula za uchidakwa, chiwerewere kapena kusamvera makolo.

Mbiri ya mawuwa

Olemba a ku Ulaya ankakonda kugwiritsa ntchito mawuwa pofotokoza kugwa kwa ufumu wa Roma. M'chaka cha 1734, Montesquieu anatulutsa buku lofufuza zimene zinakweza Aroma ndi zimene zinawagwetsa, ndipo mawu akuti *décadence* ali m'mutu wa bukulo. Mu 1847, Thomas Couture anajambula chithunzi chachikulu chosonyeza Aroma atatheratu ndi phwando, chimene chili ku Musée d'Orsay mumzinda wa Paris.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, alembi ena a ku France analandira dzina lonyozali n'kuyamba kulinyadira. Buku la Joris-Karl Huysmans lotchedwa *À rebours*, la mu 1884, ndi limodzi mwa mabuku odziwika a gululi. Ku Britain, Oscar Wilde amawerengedwa m'gulu lomweli. Patapita nthawi, boma la Soviet Union linkagwiritsa ntchito mawuwa ponyoza luso ndi nyimbo za mayiko a azungu akumadzulo.

Tanthauzo la masiku ano

Lero *decadent* amanenedwanso moyamikira. Otsatsa malonda akalemba kuti *decadent chocolate cake* amatanthauza keke yonona kwambiri, yoti munthu adzisangalatse nayo. Choncho wowerenga ayenera kuona nkhani yonse kuti adziwe ngati mawuwa akudzudzula kapena akutamanda, komanso amene akuweruzayo ndi ndani.