Mwawi Kumwenda: kuchokera pa bwalo la fumbi kwa Mtwalo mpaka kukakweza chikho ku Australia

Pa Kamwendo, monga m'madera ambiri a boma la Mchinji, sukulu ikhoza kuperewera madesiki koma mapolo awiri a ntchemberembaye sasowa. Mizere ya bwalo amalemba ndi phulusa kapena kupala ndi khasu, ndipo mtsikana amene wapitirira anzake msinkhu amangouzidwa kuti akaime pansi pa golo. Ku America mwana wamtali chonchi amamuika pafupi ndi golo m'timu ya basiketibolo, ndipo njira yake ndi yolambulidwa kale: sekondale, koleji yomulipirira maphunziro chifukwa cha luso lake, kenako matimu a NBA kapena WNBA amene amasankha osewera atsopano chaka ndi chaka. Kuno kwathu makwerero otere kulibe. Mwawi Kumwenda ndiye anayamba kuonetsa kuti mtsikana wakumudzi angathe kudya za thukuta lake pa mpira wamanja, ndipo njira yake inali yokhotakhota.

Masewero awiriwa ndi apachibale. James Naismith anayambitsa basiketibolo mu 1891 ku Springfield, Massachusetts. Itafika ku England, m'makoleji ophunzitsa amayi masewero olimbitsa thupi anaisintha, ndipo pofika 1901 inali ndi malamulo akeake. Wosewera sathamanga ndi mpira, saugwira kupitirira masekondi atatu, ndipo golo lilibe thabwa kumbuyo. Mwa osewera asanu ndi awiri, awiri okha ndiwo amaloledwa kuponya mabasiketi, ndipo ayenera kukhala ali m'bokosi. Ndiye kuti timu yonse imagwirira ntchito manja a anthu awiriwa, makamaka wovala zilembo za GS.

Mwawi anabadwa pa 27 September 1989 m'boma la Mzimba, ndipo anakulira kwa Mtwalo ngati mzime m'banja la ana asanu ndi atatu. Iye wakhala akusimba kuti mpira wawo unali wa mapepala a pulasitiki omanga ndi zingwe, magolo ankapanga ndi zidutswa za matayala, ndipo ankasewera osavala nsapato. Ali ndi zaka pafupifupi 15 anasamukira ku Blantyre kukasewera mu Escom Sisters, timu imene pambuyo pake inadzatchedwa Kukoma Diamonds.

Anafika m'nyengo yabwino. Ma Queens, timu ya dziko lino, anali atayamba kale kuopedwa, chifukwa cha mbadwo wa Mary Waya. Mu 2007, pa mpikisano wa dziko lonse ku Auckland, Malawi inathera pa nambala 5, pamwamba pa South Africa. Mtsikana wochokera ku Mzimba anali ndi akuluakulu oti aziwaonera pafupi.

Khomo linatseguka mu 2009 ku Cook Islands, pa mpikisano wa dziko lonse wa atsikana osapitirira zaka 21. Kumeneko mphunzitsi wa ku Australia, Maxine Wauchope, anamuona akusewera ndipo anatsimikiza zomutenga. Mu 2011 Mwawi anayamba kusewera mu Peninsula Waves, timu ya m'ligi ya chigawo cha Victoria. Kwa iye imeneyi ndiyo inali koleji. Anazolowera bwalo lamatabwa la m'nyumba, zolimbitsa thupi za tsiku ndi tsiku, ndi kaseweredwe ka ku Australia komwe wotchinga amakukakamira kuyambira wezulo yoyamba mpaka yomaliza. Mu 2013 anasewera mu Victorian Fury, timuyo inatenga chikho cha Australian Netball League, ndipo iye anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse m'ligiyo.

Chaka chotsatira analowa m'ligi yaikulu ya ANZ Championship, imene inkaphatikiza matimu a Australia ndi New Zealand. Anasaina ndi Mainland Tactix ya ku Christchurch, timu imene inkakonda kuthera pansi pa ligi. Ngakhale zinali choncho, mu 2014 anapatsidwa mphoto ya wosewera watsopano wochita bwino koposa. Ndi msinkhu wa mamita 1.83, Mwawi sanali wamtali kwambiri pakati pa oponya mabasiketi a m'ligiyo. Chimene chinkasowetsa mtendere otchinga chinali kusakhazikika kwake: ankatuluka m'bokosi kukalandira mpira, kudumpha mosayembekezeka, kuwakha ndi dzanja limodzi mipira imene ena akanaisiya, n'kuponya wotchinga asanaimike mkono. Kameneka ndi kaseweredwe ka kwathu, ndipo aphunzitsi akunja sanakachotse mwa iye.

Chaka cha 2015 ndicho chinamuika pamaso pa dziko lonse. Pa World Cup ku Sydney, Malawi inathera pa nambala 6, koma mphoto ya wosewera wabwino koposa pa mpikisano wonsewo inapita kwa Mwawi, kudumpha akatswiri a Australia ndi New Zealand amene anafika m'fainolo. Kenako bungwe la International World Games Association linamupatsa ulemu wa katswiri wa chaka cha 2015, pa chisankho cha pa intaneti chimene Amalawi anavota mwaunyinji. Mu 2016 ma Queens anatenga malo achitatu pa mpikisano wa Fast5 ku Melbourne.

Mu 2017 Australia inayambitsa ligi yakeyake, Suncorp Super Netball, ndipo Mwawi anabwerera ku Victoria kukavala yunifolomu ya Melbourne Vixens pansi pa mphunzitsi Simone McKinnis. Mu April 2018, pa masewero a Commonwealth ku Gold Coast, kunachitika zimene ambiri ankati sizingatheke: Malawi inagonjetsa New Zealand ndi mabasiketi 57 kwa 53, Mwawi akutsogolera. New Zealand inabwerera kwawo chimanjamanja, yopanda mendulo iliyonse.

Patangopita miyezi yochepa, chisangalalo chinasanduka misozi. Akusewerera Vixens, mtsempha wa m'bondo unaduka. Kuvulala kotere kumafuna opaleshoni ndi pafupifupi chaka chathunthu chophunziranso kuponda, kuthamanga ndi kudumpha. Kwa wosewera amene moyo wake uli m'kudumpha ndi kutera mwadzidzidzi, ambiri amathera pomwepo. Mwawi anaphonya World Cup ya 2019 ku Liverpool, koma chakumapeto kwa ligi ya chaka chomwecho anabwerera m'bwalo. Apa ndi pamene phindu losewera m'ligi yolipira limaonekera: anali ndi madokotala ndi akatswiri a mafizo omuyang'anira mpaka kuchira, zinthu zimene wosewera wa m'ligi ya kuno sazipeza mosavuta.

Mu 2020, chifukwa cha Covid-19, matimu onse anasamukira ku Queensland n'kukhala miyezi kutali ndi mabanja awo. Pa 18 October, ku Brisbane, Vixens inakumana m'fainolo ndi West Coast Fever, imene pansi pa golo inali ndi chiphona cha ku Jamaica, Jhaniele Fowler. Masewerowo anali a wafawafa mpaka mphindi yomaliza, ndipo Vixens inapambana 66 kwa 64. Mwawi anaponya maulendo 50 n'kumwetsa 47, ndipo anasankhidwa kukhala wosewera wabwino koposa wa tsikulo. Anapitiriza kutumikira ma Queens pa masewero a Commonwealth a 2022 ku Birmingham ndi pa World Cup ya 2023 ku Cape Town, yoyamba kuchitikira mu Africa, komwe Malawi inathera pa nambala 7.

Mbiri imeneyi ikusangalatsa, koma ikudandaulitsanso. Mwawi anafika ku Australia chifukwa munthu mmodzi anamuona pa tsiku loyenera. Chipanda ulendo wa ku Cook Islands, mwina akanathera m'ligi ya kuno, akusewera madzulo ataweruka kuntchito, monga amachitira anzake ambiri a luso lofanana nalo. Matimu akuluakulu a dziko lino ali m'mizinda kapena m'manja mwa apolisi ndi asilikali, monga Blue Eagles ya ku Lilongwe ndi MAFCO ya ku Salima, ndipo mtsikana wa m'boma lakumalire amadalira mipikisano ya sukulu kuti wina amuone. Bwalo lamakono la m'nyumba la Griffin Saenda ku Lilongwe linayamba kugwira ntchito mu 2022, ma Queens atakhala kale zaka zoposa khumi ndi zisanu pakati pa matimu otsogola a dziko lonse.

Komabe khomo limene iye anatsegula silinatsekeke. Joyce Mvula, woponya mabasiketi wa Blue Eagles, anapita ku Manchester Thunder mu 2017, anatenga nayo chikho cha ligi ya ku England mu 2019 ndi mu 2022, kenako anakasewera mu Central Pulse ku New Zealand. Laureen Ngwira naye anasewera m'ligi ya ku England, ndipo wotchinga Towera Vinkhumbo anavala yunifolomu ya Severn Stars asanapite ku Strathclyde Sirens ya ku Scotland. Masiku ano aphunzitsi a matimu akunja amaonera masewero a ma Queens ndi cholembera m'manja.